Mabuku a nthano olembedwa ndi amayi: kodi akupasula mabanja athu?

NaBanda_Lifuwu

Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata awiri, ndipo ndikupempha maganizo anu, makamaka inu amene mumakonda kuwerenga. Ndife amayi 14 a banki mkhonde kuno ku Lifuwu, ndipo timakumana Lachinayi lililonse masana pansi pa mtengo wa mango kwa msungichuma wathu. Chaka chatha tidagwirizana kuti tikamaliza kuponya masheya ndi kubweza ngongole tizitsalira kwa ola limodzi n'kumamvetsera nthano. Wowerenga ndine, chifukwa ndidafika Fomu 4. Ndimawerenga ndime chamumtima m'Chingerezi, kenaka n'kuifotokoza m'Chichewa kuti aliyense amve. Mabukuwa ndi a nthano zazitali zolembedwa ndi amayi, zonena za chikondi, banja ndi ubwenzi, ndipo amanditumizira ndi mchemwali wanga amene amagula a kaunjika ku Lilongwe.

Vuto labuka mwezi watha. Mmodzi mwa ife, amene mwamuna wake adapita ku Johannesburg zaka 6 zapitazo ndipo adaleka kutumiza thandizo ngakhale kuimba foni, wapita kwa ankhoswe kukapempha kuti banja lithe. Tsopano apongozi ake akulengeza pa mjigo ndi ku chigayo kuti mabuku anga ndiwo amulowetsa mwanayo mwano. Anzathu awiri aletsedwa ndi amuna awo kutsalira nthawi ya nthano. Amuna anga sadandiletse, koma andifunsa funso limene ndalephera kuyankha: kodi m'mabukumo muli chiyani chimene anamkungwi ndi alangizi sadatiuze? Ndikufunsa inu funso lomwelo. Ndipitirize kapena ndileke?

Mphunzitsi_Benga

Pepani ndi zimene mukukumana nazo, mayi. Tisanapite patali, tiuzeni buku limene munkawerenga pamene nkhaniyi inkabuka, chifukwa mabuku amenewa si ofanana onse.

NaBanda_Lifuwu

Tidali pakati pa So Long a Letter la Mariama Bâ. Tisanayambe limeneli tidamaliza Stay With Me la Ayobami Adebayo, limene lidatitengera miyezi 4 chifukwa nthawi yomweta mpunga anthu ankabwera mochedwa ndiponso atatopa.

Msodzi_wa_Chipoka

Ndiyankhula mosapsatira mawu ngakhale ndikudziwa kuti ambiri pano simukondwa nane. Apongozi aja sakulakwa kwenikweni. Mabuku amenewa amalembedwa ndi amayi ophunzira kwambiri a ku Nigeria ndi ku Senegal, ndipo anthu a m'nthano zawo akachoka pa banja amakhala ali ndi malipiro a pamwezi owadikira. Nanga mayi wa ku Lifuwu, amene chuma chake ndi ndime ya mpunga ndi ana anayi, akamva kuti mnzake wa m'buku adamanga katundu n'kuchoka, iyeyo adzalowera kuti? Chachiwiri, mu nthano zoterezi wolakwa nthawi zonse amakhala mwamuna. Kwathu mayi a kunyumba adazolowera kuwerenga nthano za pa Facebook mpaka pakati pa usiku. Ine ndikachedwa kunyanja, kumene ndimakhala ndikulimbana ndi mwera kuti ana adye, ndimapeza nkhope yasintha, chifukwa mwamuna wa mu nthano akachedwa amakhala ali kwa chibwenzi. Zimenezi zimandiwawa. Makolo adatiuza kuti banja ndi kupirira, ndipo sindidamvepo buku la mtundu umenewu likuphunzitsa kupirira.

Chemwali_wa_Linga

Abambo a ku Chipoka, ndikuyankhani mwaulemu, koma ndikuona kuti buku la So Long a Letter simudaliwerenge. Ine ndine Msilamu wa kuno ku Nkhotakota, ndipo ndidaliwerenga ndili pa eda amuna anga atamwalira. Kwa amene simudziwa, eda ndi miyezi 4 ndi masiku 10 imene mkazi wamasiye amakhala pa nyumba osayendayenda. Masiku ake amatalika kwambiri, ndiye mwana wanga wamkazi adandibweretsera bukuli kuti ndizitayirapo nthawi. Ndidadabwa kupeza kuti mayi wa m'bukumo, Ramatoulaye, nayenso ali pa eda ku Dakar, ndipo buku lonselo ndi kalata imene akulembera mnzake wa paubwana, Aissatou. Amuna a onse awiri adakwatira mitala. Aissatou adatenga ana ake n'kuchoka. Ramatoulaye adakhala, ngakhale mwamuna wake adatenga mtsikana amene adali mnzake wa mwana wawo yemwe. Tsono taonani: amene timamva mawu ake pa tsamba lililonse ndi uja adapirira, osati uja adachoka. Ndipo mchimwene wa malemuyo atabwera kudzafuna kulowa chokolo, mayi wopirira yemweyo ndiye adamukana poyera.

Bukuli silinena kuti chokani kapena khalani. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti amayi awiriwa, atasankha njira zosiyana, sadaweruzane. Aissatou atamva kuti mnzake akuvutika mayendedwe ndi ana 12, adamugulira galimoto.

Ndikuuzeni chimene chidachitika pakhomo panga. Ifenso tidali pa mitala, nyumba zathu mu mpanda umodzi, ndipo ine ndi mkazi mnzanga tidatha zaka 9 tikungopatsana moni wa pakamwa. Tsiku lina masana ndili pa mkeka kuseri kwa nyumba, iye adabwera ndi mbale ya kondowole ndi usipa, n'kuima chapatali, n'kufunsa kuti ndikuwerenga chiyani chimene chikundigwetsa misozi. Nditamufotokozera, adakhala kumapeto kwa mkeka, n'kufunsa kuti, kodi wamng'onoyo adafuna yekha? Ndidamuuza kuti ayi, adakankhidwa ndi mayi ake amene ankafuna moyo wabwino. Adakhala chete akupotokola ngodya ya mpango wake, kenaka adati nayenso sadafunsidwe ndi wina aliyense. Zaka 9 ndidali ndisanaganizepo zomufunsa funso limenelo. Lero ana ake amadya kwanga, anga amadya kwake.

Msodzi_wa_Chipoka

Ndavomera, achemwali, bukulo sindidaliwerenge, ndipo nkhani yanu yandikhudza. Koma funso langa loyamba likadalipo. Mayi wa ku Dakar adali ndi mnzake womugulira galimoto. Mayi wa ku Lifuwu ali ndi ndani?

Mzamba_Khombedza

Ali ndi amayi 13 amene amakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, abambo. Koma ine ndikufuna ndinene za buku lachiwirilo, chifukwa likukhudza ntchito yanga. Stay With Me lidatuluka mu 2017, ndipo limanena za Yejide ndi Akin, banja limene lakhala zaka popanda mwana. Achibale a mwamuna, osafunsa kuti vuto lili mbali iti, amabweretsa mkazi wachiwiri n'kumukhazika pabalaza. Kumapeto timadziwa kuti vuto lidali la mwamuna, ndipo iye mwini, pothawa manyazi, adapangana mobisa ndi mchimwene wake kuti agone ndi mkaziyo. Kodi zimenezi si zimene kwathu kuno timati kulowa fisi? Palibe cha ku Nigeria chokha pamenepa.

Pa zaka zimene ndagwira ntchito yauzamba ndalandira amayi ambiri odandaula kuti sakutenga pathupi. Amabwera okha, atamwa kale mankhwala a zitsamba a mitundumitundu, ena atatemedwa mphini m'chiuno monse. Ndikawauza kuti abwere ndi amuna awo kuti onse ayezedwe, ambiri sabweranso, chifukwa kunyumba sangayerekeze kutchula kuti vuto lingakhale la bambo. Chikhalirecho kusabereka kumatha kuchokera kwa mwamuna, kwa mkazi, kapena kwa onse awiri. Ine ndikanena zimenezi mu yunifolomu, anthu amamva ngati phunziro la kusikelo ndipo amaiwala akangotuluka pa chipata. Koma munthu amene wayenda ndi Yejide kwa miyezi 4, wamumva akulira, sangathenso kuloza chala mnzake wopanda mwana mopepuka monga kale. Ndipo abambo a ku Chipoka dziwani kuti mlembiyo sadamupange Akin kukhala chilombo. Amamupatsa mitu yakeyake yoti adzifotokozere, ndipo wowerenga amamumvera chisoni, chifukwa naye adapanikizidwa ndi mwambo womwewo.

Wowerenga_SengaBay

Amayi azamba, ine bukuli ndili pa tsamba 60 ndipo mwandiululira chinsinsi chake chonse. Chonde, tikamakamba za mabuku tiziyamba tachenjezana.

Mzamba_Khombedza

Pepani kwambiri, ndidatengeka ndi nkhaniyo. Pitirizani kuwerenga, chifukwa za ana a Yejide ndi matenda a magazi a sickle cell sindidakhudzepo, ndipo m'menemo ndi m'mene muli mtima wa bukulo.

Mphunzitsi_Benga

Chimene chikundivutitsa ine pa nkhani yonseyi ndi china. Amayi 13 akudalira pakamwa pa munthu mmodzi kuti amve nthano, chifukwa mabukuwa ali m'Chingerezi. N'chifukwa chake apongozi aja akuti "mabuku a NaBanda", ndipo n'kosavuta kuwakayikira, popeza iwo sangatsegule tsamba n'kudzionera okha. Bukulo likadakhala m'Chichewa, mdzukulu wawo wa Sitandade 7 akadawawerengera, ndipo mkangano ukadakhala pa zimene zalembedwa, osati pa mayi amene amamasulira.

Taganizani: Mariama Bâ adalemba m'Chifalansa, buku lake lidapambana mphoto ya Noma mu 1980, iye adamwalira mu 1981, ndipo kuti lifike m'manja mwa achemwali a ku Linga ladutsa m'Chingerezi, kenaka lidutsenso pakamwa pa wofotokoza. Kwathu kuno nthano zazitali za m'Chichewa zidayamba kale, Nthondo la Samuel Ntara ndi la m'zaka za m'ma 1930, koma mabuku a Chichewa amene ine ndidawerenga ku sekondale, ndi amene ndaphunzitsa, pafupifupi onse adalembedwa ndi amuna. Mkazi amapezekamo ngati mayi wa mpangankhani, kapena ngati msampha umene udagwetsa mnyamata mu tauni. Mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa buku la nthano yaitali, Walije Gondwe, adatulutsa Love's Dilemma mu 1985, nalonso m'Chingerezi, mu gulu lija la Pacesetters limene tinkabwerekana m'mahositelo mpaka chikuto kuthothoka. Kuyambira pamenepo papita zaka zambiri, koma mayi wa ku Benga wofuna buku lonena za moyo wake m'chiyankhulo chake amavutikabe kulipeza.

Mtsikana_wa_KamuzuRoad

Aphunzitsi, mukunena ngati amayi a ku Malawi sakulemba m'Chichewa, chikhalirecho akulemba tsiku lililonse. Nthano za pa Facebook ndi pa WhatsApp zimene abambo a ku Chipoka akudandaula nazo zambiri zili m'Chichewa, ndipo zina amalemba ndi atsikana ngati ine. Ine ndimagulitsa mu shopu, ndipo ndimalemba gawo limodzi usiku uliwonse pa foni yosweka galasi. Ndikachedwa kutumiza, amayi amene sindidawaonepo amandilembera kufunsa ngati ndadwala. Wina adanditumizira bandulo kuti gawo lisachedwe. Nthano yanga ndi ya atsikana awiri ogula usipa pa doko, mmodzi akukakamizidwa ndi mwini bwato kuti agone naye kuti apeze nsomba, winayo akumubwereka mpamba kuti akane. Zimenezi sindidazitenge ku Senegal. Kodi zimenezi si zolemba chifukwa chakuti zilibe chikuto?

Mphunzitsi_Benga

Ndi zolemba ndithu, mwana wanga, ndipo mwandikonza bwino. Dandaulo langa n'lakuti zambiri zimathamangira kudabwitsa wowerenga gawo lililonse, ndiye mwamuna aliyense amasanduka wachinyengo ndipo mpongozi aliyense mfiti. Pamenepo abambo a ku Chipoka ali ndi mfundo. Yanuyo muisunge penapake, muikonze modekha, ndipo muyese kutumiza nthano yaifupi ku Tamvani kapena ku Tikambe, masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, kumene mkonzi angakuuzeni pofooka.

Mdzukulu_Mwansambo

Ndawawerengera agogo anga zonse zimene mwalemba, ndipo andituma kuti ndilembe mawu awo. Iwo adavinidwa kalekale, ndipo akhala namkungwi kwa zaka zambiri, choncho funso la amuna a NaBanda lawakhudza.

Akuti namkungwi amaphunzitsa mtsikana mmene angakhalire pa banja: ulemu kwa apongozi, kusamala mwamuna, kusunga za m'nyumba. Koma sadali namkungwi amene ankamva zowawa za mkaziyo pambuyo pake. Zimenezo zinkatuluka pa mtondo. Akuti iwo ali mtsikana, amuna ambiri a m'mudzi ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za ku migodiko, ndipo ena ankachona, osabweranso. Akazi otsalawo akamasinja chimanga awiriawiri kapena atatu, misi ikugunda mosinthana, mmodzi ankayambitsa nyimbo yodandaula za mwamuna wosalemba kalata kapena za mpongozi woumira ndiwo, osatchula dzina, anzake n'kumavomera. Mudzi wonse unkamva, mpongozi naye ankamva ali pa khonde, koma palibe amene akadamuimba mlandu woimbayo, chifukwa idali nyimbo. Nthawi zina mpongoziyo ankasintha. Nthawi zina ankhoswe ankadziwira pomwepo kuti m'nyumba ina muli utsi.

Akuti chigayo chitabwera manja adapuma, koma bwalo limenelo lidatha, ndipo ku chigayo munthu sungaimbe chifukwa cha phokoso la injini. Ndiye akuti musadabwe amayi akapeza mtengo wa mango ndi buku. Nkhani ya mayi wa ku Dakar ikuwagwirira ntchito imene nyimbo inkagwira: kunena za iwe mwini podzera pa dzina la wina. Akuti muwauze amuna anu kuti m'mabukumo mulibe mwambo watsopano, muli mtondo.

Nkhoswe_Dwangwa

Mawu a agogowo ndi akulu, ndipo sindiwatsutsa. Ine ndakhala nkhoswe wa mabanja angapo, ndiye ndinene ziwiri. Choyamba, mkazi amene wakhala zaka 6 osalandira thandizo kapena mawu safunika buku kuti apite kwa ankhoswe. Adachita mwadongosolo, sadathawe usiku, ndipo ankhoswe akalephera, bwalo la majisitireti lilipo ndipo limamva nkhani za maukwati a mwambo. Apongoziwo akulira mwana wawo amene adachona, ndipo n'kosavuta kukwiyira buku kusiyana ndi kukwiyira mwana wobereka wekha. Muwamvetse.

Chachiwiri ndi chenjezo kwa inu mayi NaBanda. Nyimbo ya pa mtondo ankayambitsa ndi mwini chisoni. Pa gulu lanu wosankha buku ndinu, ndipo nonse mumadziwana mpaka ku mphika. Mukamafotokoza za mkazi wosabereka pamene pa mkeka pali mnzanu wopanda mwana, maso a anthu amapita kwa iye, ngakhale inu musafune. Kodi mudayamba mwawafunsa paokha ngati nthanozo zimawapepuza kapena zimawavula pagulu? Musaleke kuwerenga, koma funsani, ndipo buku lotsatira asankhe ndi gulu mutawauza mutu wake.

Chemwali_wa_Linga

Ankhoswe anena zoona. Ine ndidawerenga ndekha kuseri kwa nyumba, ndipo mkazi mnzanga adabwera mwa kufuna kwake. Pagulu pafunika kusamala kwambiri.

NaBanda_Lifuwu

Zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna Lachinayi lidutse kaye. Ndidatsatira malangizo a ankhoswe a ku Dwangwa, ndipo ndidayendera anzanga awiri kunyumba kwawo. Amene alibe mwana adandiuza kuti milungu yoyamba ya Stay With Me ankabwerera kunyumba mutu ukuwawa, ndipo kawiri adanamizira kudwala kuti asabwere. Ine sindidazindikire, ndipo ndachita manyazi kwambiri. Koma adatinso tsiku limene tidafika pa chinsinsi cha Akin, mayi wina wachikulire wa m'gulu, amene kale ankamulankhulira mawu olasa, adamuperekeza mpaka pa mphambano atamunyamulira dengu, osanena kanthu. Adati ndisaleke, koma tsiku lina ndizidzamuuza zimene zikubwera.

Mnzathu wa nkhani ya ku Johannesburg adaseka nditamufunsa ngati buku ndilo lidamutuma. Adati maganizo opita kwa ankhoswe adali nawo kuyambira chaka chimene denga lidagwa ndi mvula iye n'kufolera yekha. Chimene ankaopa si kutha kwa banja, koma kuti ife anzake tidzamusala, chifukwa ambiri mwa ife tidasankha kukhala ngakhale zinthu zili zovuta. Atamva kuti uja adakhala ndi uja adachoka adapitiriza kulemberana makalata, adalimba mtima kuti mwina ifenso sitidzamutaya.

Abambo a ku Chipoka, galimoto tilibe. Koma Lachinayi gulu lidagwirizana kuti thumba la zadzidzidzi limulipirire ulendo wa ku boma ngati nkhaniyi ifike ku bwalo, ndipo amayi anayi adzamuthandiza kuwokera mpunga nyengo ikubwerayi. Apongozi aja tidawatumira uthenga kuti abwere adzamve okha. Sadabwere, koma mng'ono wawo adabwera, adakhala kumbuyo, ndipo pomaliza adafunsa ngati Ramatoulaye adzakwatiwenso. Mwa awiri oletsedwa aja, mmodzi wabwerera. Amuna anga ndawauza mawu a agogo a ku Mwansambo, ndipo adangogwedeza mutu n'kunena kuti mayi awo nawonso ankaimba posinja.

Vuto latsopano n'lakuti buku langa la kaunjika lilibe masamba omaliza, adathothoka. Kodi alipo amene ali nalo lathunthu?

Msodzi_wa_Chipoka

Za kuwokera mpunga zandiyankha kuposa mawu onse. Pa nthano za pa foni maganizo anga sadasinthe kwenikweni, koma mtsikana wa ku Kamuzu Road anditumizire yake ya pa doko. Zimene akunenazo ndimaziona ndi maso anga m'mawa uliwonse mabwato akamakocheza, ndipo ndikufuna ndione ngati wazilemba moona.

Mtsikana_wa_KamuzuRoad

Ndikutumizirani usiku uno, bambo, ndipo pamene ndalakwitsa za maukonde ndi mitengo ya pa doko mundikonze.

Chemwali_wa_Linga

Mayi NaBanda, langa ndi lathunthu, ngakhale masamba ena ali ndi madontho a tiyi ndipo m'mphepete ndidalembamo ndi pensulo. Ndilipereka kwa kondakitala wa minibasi ya ku Salima Lolemba m'mawa, litakulungidwa mu pepala la pulasitiki chifukwa cha mvula. Mundiuze munthu amene angakalilandire pa depoti. Mukamaliza mulibweze, chifukwa mkazi mnzanga akufuna mwana wake wamkazi amuwerengerenso kuyambira pachiyambi.